Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mawailesi a kanema ndi ophunzitsa za utolankhani: bwerani mudzakhale nafe pabenchi pa Kamwendo

Akuluakulu,

Ndayamba ndaomba m'manja, poti nkhani ndabwera nayoyi ndi ya m'munda mwanu, ine ndangolowamo ndi khasu lobwereka. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndinagwira choko zaka 31 ndikuphunzitsa Chichewa m'sukulu za sekondale zoyendera, ndipo pano ndimakhala pa Kamwendo, mumsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji boma ndi kuchipata cha Mwami. Kuseri kwa mpanda wanga kuli vidiyo ya mwana wa mlongo wanga. Pomwe ndikulemba pano chimkuzamawu chake chili pamtengo, chikulavula zibakera ndi mfuti kuyambira 8 koloko m'mawa, ndipo sichitonthola mpaka usiku. Mwana wanga wamkazi anakaphunzira za utolankhani ku sukulu yaukachenjede, ndipo atapeza ntchito kutauni anandisiyira katoni ya mapepala ake. Dzinja lathali mvula itanditsekera m'nyumba ndinawawerenga onse, dikishonale ili pambali. Ndiye musadabwe mukamva mkulu wa kumudzi akutchula maina a azungu ngati anadya nawo mbale imodzi.

Chandilembetsa ndi ichi. Chaka chatha kunabwera achinyamata atatu ochokera ku sukulu ina yaukachenjede, otchena bwino, mapepala a mafunso ali kumanja. Ati akuchita kafukufuku wa momwe kanema akuonongera achinyamata. Mutu wokhawo unali utagamula kale mlandu wozengedwa asanalowe m'bwalo, koma zimenezo tizisiye. Anaima pamsika n'kumaitana anthu. Funso loyamba linali lakuti, "Kodi kwanu kuli wailesi ya kanema?" Ukayankha kuti ayi, ankati, "Zikomo, mutha kupita." Ndinaona ndi maso angawa akubweza wakabaza amene ndimamudziwa kuti dzuwa silingalowe asanaonere filimu, akubweza atsikana ogulitsa mandasi amene angakufotokozereni sewero la ku India kuchokera gawo loyamba osaphonya dzina. Anatsala ndi mwini golosale, mayi wina wa kuchipatala, ndi ine. Vidiyo ija inali kumbuyo kwawo chapafupi pomwepo, ikusokosa moti ankachita kukweza mawu pofunsa. Palibe ndi mmodzi yemwe analowamo.

Ana aja sindikuwanyoza. Anachita zomwe anaphunzitsidwa, ndi mafunso amene anasokedwera anthu a maiko ena, komwe banja lililonse lili ndi kanema wake pabalaza.

Lolani ndikulowetseni ine. Ndi chinyumba cha zidina, malata ake akale, mazenera anatsekedwa ndi zisaka kuti mukhale mdima. Mabenchi ndi a matabwa osapala, ukakhala mosasamala buluku limatsala pa msomali. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko: m'mawa ya Chitchaina, masana ya Chinaijeriya, madzulo mpira wa ku England ukakhalapo. Polowa ndi K200, mpira K500. Magetsi akathima jenereta imadzuka, fungo la petulo n'kusakanikirana ndi la thukuta ndi la chimanga chootcha. Ana opanda ndalama amasuzumira pa mng'alu wa chitseko, akusinthana diso ngati akusinthana chikho pachitsime. Ndipo mmenemo munthu saonera ali duu. Amalangiza wosewera, "Thawa iwe, ali kumbuyo kwako!" Amakalipira mkazi wachinyengo, amatsutsana za chomwe chichitike, wina akanama onse amamuwowoza. Woonera wa m'mabuku anu amakhala yekha pa sofa, rimoti ili kumanja. Wathu kuno amaonera ali m'gulu, ngati kudambwe kapena kubwalo la milandu.

Chinanso, filimu akuonerayo si ija anaipanga a ku Hong Kong kapena a ku Mumbai. Pamwamba pake pali mawu a mnyamata wa m'matauni athu momwemu, womasulira. Chitchaina sachidziwa, ndipo Chingerezi cholembedwa m'munsi chija amachitsata pomwe wafunira. Anthu onse a mufilimu amawapatsa maina akwathu. Nkhalamba ya ndevu zoyera yophunzitsa karate imasanduka agogo a ku Dowa, anthu akamadya ndi timitengo iye amati ndiwo zachepa n'chifukwa akutola mochenjera, ndipo nkhondo ili pakati amatha kuimika kaye kuti apereke moni kwa anzake ndi kutsatsa shopu yake. Amaponyamo miyambi, amaweruza kuti woipa ndani, nthawi zina amasintha nkhani yonse kuti ikome. Anthu kuno posankha filimu safunsa dzina la wosewera, amafunsa kuti wamasulira ndani. Ntchito yake imafika pa Kamwendo, pa Waliranji, pa Kapiri mpaka ku Mkanda kudzera pa memori khadi, pa timabenchi tobenera nyimbo tija. Mnyamata ameneyu ndiye akufotokozera ana athu nthano masiku ano, pamalo pomwe pankakhala agogo awo, koma m'katoni monse muja sindinapezemo tsamba ndi limodzi lomwe lokamba za iye.

Mwa onse ndinawerenga, amene ndinamva naye bwino ndi Stuart Hall, mkulu wobadwira ku Jamaica yemwe ankaphunzitsa ku Birmingham. Mu 1973 iye analemba kuti wopanga pulogalamu amamanga uthenga mwa njira yake, koma woonera amaumasula ndi zomwe ali nazo m'mutu ndi m'moyo mwake. Kunena kwathu, ena amameza, ena amanenerera ngati pamsika, ena amalavula. Ndinaziona pa mayi a kunyumba kwanga. Iwo ndi anzawo a kumpingo amasonkhana madzulo kwa aneba amene ali ndi dishi, kukaonera sewero la ku India la mtsikana wokwatiwa kunyumba ya mwamuna, apongozi ake akumuzunza usana ndi usiku. Ine ndi nzeru zanga za m'katoni ndinkati basi, awa akungophunzira kusirira ndolo zagolide ndi nyumba zosanja. Tsiku lina ndinapita kukawatenga, ndipo ndinaima pakhonde n'kumamvetsera. Mayi wina anafunsa mokwiya, "Kodi mtsikanayu alibe malume? Ankhoswe ake ali kuti?" Wina anati, "Akanakhala kuno mwamunayo ndi mkamwini, amakewo bwenzi akuonera patali." Posakhalitsa kanema anangotsala akudziyankhulira, nkhani itatembenukira kwa mwana wa mmodzi wa iwo amene anapita ku chitengwa ndipo akuvutika. Pobalalika anali atagwirizana kuti mawa lake atumize mawu kwa mwini mbumba. Sewero la ku India linathera pa mlandu wa mbumba ya Achewa. Akatswiri awiri, Tamar Liebes ndi Elihu Katz, anapeza zofanana ndi zimenezi ku Israel m'zaka za m'ma 1980, pomwe anaonetsa sewero limodzi la ku America kwa magulu osiyanasiyana, Aluya, Ayuda ochokera ku Morocco ndi ochokera ku Russia, gulu lililonse n'kulifotokoza mwakemwake. Iwo anachita kukhala pansi ndi anthu m'nyumba zawo. Sanaime pamsika.

Musaganize kuti ndabwera kudzaikira kumbuyo kanema. Odzudzula aja pena amalasa. George Gerbner wa ku yunivesite ya Pennsylvania anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuwerenga chiwawa chooneka pa kanema wa ku America, ndipo anapeza kuti anthu oonera kwambiri amaganiza kuti dziko ndi loopsa kuposa momwe lilili. Mawu amene anasankha pofotokoza zimenezi ndi a ulimi, akuti kanema amalima maganizo a munthu, ndipo ife alimi tikumva msanga. Nthaka siguga ndi dzinja limodzi. Umboni wanga uli m'makope a ana. Nditangoyamba ntchito, ndikapereka chimangirizo cha mutu wakuti "Tsiku lomwe sindidzaliiwala" ku Fomu 2, ndinkawerenga za fisi wolowa m'khola, za mtsinje wa Bua utasefukira, za gule pa maliro a mfumu. Zaka zanga zomaliza ndinkawerenga za mabwana a makampani, mfuti zobisa m'jekete, nyumba za mageti, ndi mayi wopeza wopita kwa sing'anga usiku kuti alande chuma. Mwana amene manja ake achita zikang'a ndi kukumba mtedza salemba za mtedza. Anaphunzira, popanda womuuza, kuti moyo wake si nkhani.

Nanga angaganize bwanji mwina? Mchinji amaoneka pa kanema kukabwera nduna, apolisi akagwira ozembetsa katundu m'malire, kapena anthu akaotcha wakuba. Mayi amene wakolola matumba makumi anayi a soya ndi khasu lamanja, kamera simudziwa.

Raymond Williams wa ku Britain analemba mu 1974 kuti pulogalamu isamaweruzidwe payokha, koma tiziona momwe madzulo onse amayendera, ichi chikutsatana ndi icho ngati madzi mumtsinje. Ndinayesa. Ndinakhala kwa aneba aja ndi kope, ndikulemba zomwe zinkabwera pa wailesi ina yomwe sinditchula. Nkhani ya mabanja ogona ndi njala itangotha kunabwera kutsatsa kubetcha mpira, anyamata akuvina ndi ndalama m'manja. Kenaka mneneri wolonjeza kuti chaka chino ndi chako, nambala ya foni ikuyenda m'munsi. Kenaka ngongole yotenga lero lomwe. Palibe pulogalamu imene inanama payokha, koma zonse pamodzi zinkaimba nyimbo imodzi, yakuti chuma chimagwa ngati mvula ndipo khasu ndi la opusa. Dallas Smythe wa ku Canada anafika pa fupa penipeni mu 1977 ponena kuti malonda enieni a wailesi yodalira otsatsa si mapulogalamu ayi, koma anthu oonerawo, amene amagulitsidwa kwa otsatsa malonda. Aliyense amene anaperekezapo fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma amva. Ife ndife mabelo, pulogalamu ndi chiguduli chokulungira, ndipo okushoni imachitika eni ake tili m'tulo. Lowani muvidiyo muja Loweruka masana muone. Theka la anyamata maso sali pa mpira, ali pa foni, pa tikiti. Timu yomwe akuikonda ikagoletsa ena amagwira kumutu, poti anabetchera inayo. Ndalama ya soya ya mnyamata wina wa m'mudzi mwathu inathera momwemo mwezi usanathe.

Pali wina amene ndimakangana naye ndikamayenda kupita kudimba, Neil Postman wa ku New York. Mu 1985 iye anati kanema amasandutsa chilichonse, ndale, chipembedzo ngakhale maphunziro, kukhala chisangalalo, mpaka anthu amalephera kutsata mfundo yaitali. Ndikaona misonkhano ya ndale momwe imaonetsedwera, magule ndi nsalu za chipani zikudya nthawi yonse, ndimati mkuluyu analosera. Koma ndimakumbukiranso mlandu wa chisankho cha 2019. Miyezi ingapo anthu pamsika pano anakakamira pa wailesi, kumvetsera maloya akufunsa mboni za mafomu ndi manambala, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Osoka nsapato ankatsutsana za tipeksi ngati anapita ku sukulu ya malamulo. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima, ndipo anthu sanachoke. Panalibe gule, panalibe nyimbo. Ndiye mukamati anthu akumudzi amangofuna zoseketsa, n'chifukwa chake mumawapatsa zoseketsa, ine ndimakana. Tsiku limene anapatsidwa nkhani yolemera m'chiyankhulo chawo anaisenza.

Zoti kukhala pansi ndi omvera n'kotheka, chitsanzo chilipo pafupi. Harri Englund, wa ku Finland amene amaphunzitsa ku Cambridge, anaphunzira Chichewa n'kufufuza pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya pa MBC, ija ophunzira ambiri ankaipeputsa kuti ndi ya ufiti ndi miseche. Buku lake la 2011 linaonetsa kuti kudzera mu nkhani zimenezo anthu wamba ankadzudzula mabwana, mafumu ndi olemera ogwiritsa ntchito mphamvu molakwika. Mu 2018 anatulutsanso lina lokamba za muulutsi wotchedwa Gogo Breeze wa pa Breeze FM ku Chipata, kungodumpha malire apa, wailesi imene ambiri kuno timaimva. Mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa. Chondiwawa n'chakuti mabuku onsewa ali m'Chingerezi, mtengo wake ndi wa ndalama zakunja, ndipo anthu amene akukambidwamo sadzawawerenga. Nzeru yochokera pakamwa pathu inakwera ndege, sinabwerere.

Tsono pali amene akamva zonsezi amathamangira kunena kuti tsekani mavidiyo, letsani mafilimu akunja. Chonde ayi. Njira imeneyo tinaiyendapo. Nthawi ya Ngwazi dziko lino linalibe wailesi ya kanema, anzathu a ku Zambia ali nayo kalekale. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo lumo lake linkameta aliyense. Jack Mapanje, mlakatuli komanso mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Television Malawi inadzayamba pa 1 April 1999, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC. Ana obadwa chaka chimenecho ndi amene ali ndi ana a ku pulayimale lero. Ndiwo makolo oyamba m'dziko muno okula ndi kanema, ndipo palibe anawalangizapo za iye, pomwe pa china chilichonse chachikulu m'moyo Mchewa amakhala ndi namkungwi. Walira mvula walira matope, tinavomera. Koma matope sathawidwa potseka mitambo.

Komanso mutatseka vidiyo ya mwana wa mlongo wangayo mwatseka chiyani? Kanema anasamuka kale, ali m'thumba. Kuchokera pomwe tinalowa m'zadijito ndi madikoda a Kiliye Kiliye matchanelo anachuluka, koma foni inawapitirira onse. Mwana akagula bandulo ya usiku amagona ndi TikTok, mayi ake amadzuka ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp ochokera kwa munthu wosadziwika amene akuyankhula motsimikiza ngati dokotala. Nthawi ya Covid-19 tinaona. Kanema wachidule wa mzungu wovala gauni yoyera ankazungulira m'magulu a mpingo, anthu n'kumathawa katemera. Mu May 2021 boma linatentha katemera woposa 19,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Anafika mochedwa, n'zoona, koma mphekesera nazo zinathandizira. Gauni yoyera inakhulupiriridwa chifukwa palibe anaphunzitsapo anthu kufunsa kuti wajambula ndani, wamulipira ndani, ndipo wadula pati.

Mafunso atatu amenewo ndiwo ndikupempha kuti afike m'kalasi. Inu a ku Unduna wa Zamaphunziro ndi a ku Domasi amene mumakonza silabasi, ife aphunzitsi a Chichewa timaphunzitsa kale ana kusanthula ndakatulo, nthano ndi sewero. Amadziwa kupeza mpangankhani, malo, tsatanetsatane wa nkhani ndi phunziro. Luso lomwelo lingagwire pa kutsatsa kwa kubetcha kapena pa nkhani za 8 koloko. Sizifuna kompyuta. Ine ndinayesapo ndi foni imodzi, ana makumi asanu ndi limodzi ataunjikana. Ndinawaonetsa kutsatsa kwa mafuta odzola, n'kufunsa kuti mwa anthu aonekawa wakuda ngati ife ndi uti, ndipo akuoneka wosangalala kapena wodandaula. Kalasi inaphulika, belu linalira palibe anatuluka. Mtsikana wina anati, "Sala, ndiye kuti akutinena." Zaka zonse ndinaphunzitsa, sindikumbuka yankho lina londikhutitsa ngati limenelo.

Inu a m'sukulu zaukachenjede, ku Zomba, ku MUBAS ndi kwina, ophunzira anu akamalemba kafukufuku muziwauza kuti masamba awiri okha awalembe m'Chichewa chomveka, awapereke ku wailesi za m'madera monga Mudziwathu yathu kuno, anthu amve zomwe zinapezeka pa iwo ndipo atsutse ngati pali potsutsa. Ndipo mumuitane womasulira mafilimu uja adzayankhule m'kalasi mwanu. Adzabwera atavala kapusi chotembenuza, adzakusekeni pang'ono, koma amadziwa za omvera a dziko lino zomwe Hall sakanazidziwa. Inu a MACRA, amene lamulo linakupatsani udindo wopereka ziphaso kwa mawailesi, funsani za nthawi yomwe kutsatsa kubetcha kumaulutsidwa, poti ana amakhala asanagone. Inu eni mawailesi, pempho langa kwa inu ndi lovutirapo, ndikudziwa. Tipatseni theka la ola pa sabata, m'Chichewa, pomwe mlimi, mphunzitsi, wakabaza ndi katswiri mmodzi adzakhale pansi n'kusenda mapulogalamu anu omwe, inu muli pomwepo mukumva. Mumaitana andale kuti ayankhe mafunso owawa, ndipo mumachita bwino. Mpando womwewo mutaukhalako nanunso sungakulumeni.

Mukafuna poyambira, minibasi za ku Mchinji zimaima pa Kamwendo pomwepa. Tsikirani pamsika, tsatani phokoso. Bwerani Loweruka cha m'ma 2 koloko mpira usanayambe, mapepala a mafunso muwasiye m'galimoto, ndipo musavale buluku latsopano chifukwa cha misomali ija. Mwana wa mlongo wanga ndamuuza kale kuti akusungireni malo pabenchi lachitatu, pafupi ndi zenera la chisaka chong'ambika pomwe pamalowa kamphepo. K500 yolowera mudzalipira nokha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Kamwendo, Mchinji